Lekani kutigulitsa "stem cell" m'tumapaketi

M'Marapodi mwalowa malonda a tumapaketi twa ufa wotsekemera tumene ogulitsa akuti ndi "stem cell". Mudzatupeza pa WhatsApp, pa Facebook, m'holo ya chalichi Loweruka masana, ngakhale m'cikwama ca nesi amene wangoweruka kumene ku nchito. Ku Mandevu, ku Chaisa, ku Garden, nkhani ndi imodzimodzi. Akuti thirani ufawo pansi pa lilime m'mawa musanadye, udzadzutsa maselo atsopano, udzakonza thupi lonse, ndipo shuga, BP, kusabala ndi khansa zidzathawa zokha. Bokosi limodzi la masiku ocepa limadula kuposa thumba la unga la 25kg, ndipo wodwala khansa amauzidwa kuti limodzi silikwanira, atenge angapo motsatizana.

Ili ndi bodza, ndipo likupha anthu. Kungonena kuti ufawo sugwira nchito n'kuwacitira cifundo ogulitsawa. Ngakhale ukanacita zonse zimene akunenazo, ukanakhala poizoni kwa munthu wodwala khansa, cifukwa munthu ameneyu sasowa maselo atsopano. Ali nawo ambiri kale, ndipo ndiwo akumudya. Zimene ofufuza apeza, makamaka m'zaka khumi zapitazi, zikuonetsa kuti khansa imakwera pa mphamvu yomweyo imene thupi limapoletsera zilonda. Tiyeni tiyende nazo bwinobwino, pakuti wogulitsa amadalira kuti mawu akuti "selo" adzakuopsani ndipo simudzafunsa kanthu.

Tiyambire pa cala. Mukadziceka ndi mpeni podula repu, kapena lata likakung'ambani mwendo, thupi limayamba nchito pomwepo. Magazi amaundana n'kutseka pobowoka. Kenako pamabwera maselo oteteza thupi, aja timawacha asilikali, kudzapha tuzilombo ndi kucotsa zinyalala, n'cifukwa cake pa cilonda pamatupa, pamafiira, pamatentha. Asilikaliwo samangomenya nkhondo. Amatulutsanso tumadzi twa uthenga touza maselo a khungu a m'mphepete mwa cilonda kuti amasuke, ayende, aberekane. Selo limene linali phee pamalo pake limalekana ndi anzake, limakwawa kulowa pa cilonda, limagawikana kukhala awiri, awiriwo kukhala anayi. Tumitsempha twa magazi twatsopano tumamera kudzadyetsa omangawo. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, mpata watsekeka.

Cimene cimatisunga amoyo ndi zimene zimacitika pambuyo pake. Maselo a mbali ziwiri akakumana, amaleka. Amasiya kukwawa, amasiya kugawikana, asilikali amabwerera, tumitsempha tosafunika tumafota. Aliyense amene wakulira mu komboni akudziwa womanga amene samva mawu akuti "basi". Mwamuitana kuti akonze mng'alu wa khoma mvula ya Januwale itatha, iye akuwonjezera cipinda, cina pamwamba pa ngalande, cina potseka njira ya aneba yopita ku cimbudzi. Khansa ndi womanga wotero. Ndiye munthu wabwera pakhomo panu ndi kapaketi, akulonjeza kuti akuwonjezerani omanga ndi simenti.

Mu 1986, dokotala wa ku Boston dzina lake Harold Dvorak analemba m'magazini ya zacipatala ya New England Journal of Medicine kuti cotupa ca khansa ndi cilonda cimene sicipola. Sanali kuphiphiritsa. Anaona kuti mkati mwa cotupa muli zonse zopezeka pa cilonda catsopano: mitsempha yodontha, ulusi wa magazi oundana, asilikali, tumitsempha tongomera kumene. Pa cilonda wamba zimenezi zimatha. Cotupa cimapitiriza kulira ngati malo ovulala, ndipo thupi, mwa kukhulupirika kwake, limapitiriza kutumiza cakudya ndi zomangira.

Caka ca 1985, gulu la Mina Bissell ku Berkeley, m'dziko la America, linali litaonetsa kale zimenezi pa nkhuku. Anabaya nkhuku pa phiko limodzi ndi kacilombo koyambitsa khansa. Kacilomboko kanayenda m'magazi monse, koma cotupa cinamera pamalo obayidwa pokha. Ndiye anavulaza phiko linalo, limene sanabayepo kanthu, ndipo cotupa cinamera pa bala lomwelo. Kacilombo kanali paliponse m'thupi, koma malo a cotupa anasankhidwa ndi cilonda.

Kwa nthawi yaitali nkhani zimenezi zinali pambali, cifukwa ambiri anali kuyang'ana pa DNA yokha. DNA ndi buku la malangizo limene lili m'selo lililonse, ndipo jini ndi mutu umodzi m'bukumo. Selo likamagawikana limakopera buku lonse, monga mwana wa sukulu akopera manotsi pa bolodi, ndipo nthawi zina limalakwitsa cilembo. Fodya, dzuwa ndi poizoni wina zimafufuta zilembo zina. Ciphunzitso cakale cinali cakuti zolakwikazo zikaculuka pa majini ofunika, khansa yayamba. Izi n'zoona, koma n'theka la nkhani.

Theka linalo linaonekera poyera mu 2018. Iñigo Martincorena ndi anzake ku Wellcome Sanger Institute, ku England, anatenga tuzidutswa twa m'mero mwa anthu 9 a zaka zapakati pa 20 ndi 75, amene anamwalira ndi zinthu zina, opanda khansa. Atawerenga DNA yake anapeza kuti munthu akafika zaka za ucikulire, kuposa theka la khungu la mkati mwa m'mero limakhala litadzaza ndi maselo okhala ndi zolakwika pa majini odziwika mu khansa. Anthu abwinobwino, omeza nsima popanda vuto. Ndiye kuti inu ndi ine tikuyenda ndi maselo olakwika, ali gone, ndipo ambiri adzafa nafe osacita kanthu. Funso linasintha: n'ciyani cimawadzutsa?

Yankho limodzi linatuluka mu Epulo 2023 m'magazini ya Nature, kucokera ku gulu la Charles Swanton ku Francis Crick Institute, ku London. Iwo anafuna kudziwa cifukwa cake anthu amene sanakokepo fodya amadwala khansa ya m'mapapo. Anapeza kuti pa zidutswa zisanu zilizonse za mapapo abwinobwino zimene anayeza, pafupifupi cimodzi cinali ndi maselo olakwika kale pa jini yochedwa EGFR. Ndiye anapumitsa mbewa tufumbi tosaoneka ndi maso twa mumpweya woipa, tumene akatswiri amatucha PM2.5. Tufumbito situnafunike kuwononga DNA. Tunangokwiyitsa asilikali a m'mapapo, asilikaliwo anatulutsa uthenga wa "pavulala" wochedwa interleukin-1β, ndipo maselo ogona aja anadzuka kuti akonze, n'kuyamba zotupa. Ofufuzawo atatsekereza uthengawo ndi mankhwala, zotupa m'mbewazo zinacepa. Kumbukirani lonjezo la wogulitsa, lakuti adzadzutsa maselo anu ogona. Ku London anthu ophunzira akugona mocedwa kufunafuna njira yoti maselo amenewo asadzuke.

Kafukufukuyu anacitikira kutali, koma tufumbi tumeneto tili nato pakhomo. Tumatuluka pa mbaula, makamaka poyatsa ndi mapulasitiki monga ambiri timacitira, pa mulu wa zinyalala zowochedwa pakona, ndi kumbuyo kwa minibasi iliyonse yopita ku tauni. Mu 2024, cilala citacepetsa kwambiri madzi a m'Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri pa tsiku, ngakhale nyumba zimene zinali ndi sitovu zinabwerera ku malasha. Mwezi wa Juni mbaula imalowa m'cipinda, zitseko zotseka, ana atazungulira.

Ndipo si ku London kokha kumene anthu akufufuza. Kuno kwathu, mu 2015, Dr Violet Kayamba ndi anzake ku UTH anayerekezera odwala khansa ya m'mero ndi anthu opanda matendawa, ndipo zinthu ziwiri zinaonekera kwambiri mwa odwalawo: kacilombo ka HIV ndi utsi wa pophika. Khansa imeneyi ndi yofala kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuposa ku Ulaya, ndipo ambiri anaganiza kuti pali poizoni wina wapadera amene amalemba dzina lake mu DNA yathu. Mu 2021 ofufuza anawerenga DNA yonse ya zotupa 552 za m'mero zocokera m'maiko 8, kuphatikizapo Malawi, Tanzania ndi Kenya. Cidindo capadera cofotokoza kusiyanako sanacipeze. Zolakwika za kuno ndi za ku England zinali zofanana. N'cifukwa cake ambiri tsopano akuyang'ana pa zinthu zimene zimavulaza m'mero tsiku ndi tsiku n'kuukakamiza kudzikonza kosalekeza: utsi, kacasu wosasungunula, zakumwa zowocha. Kuyambira 2016 bungwe la WHO loona za khansa, IARC, linaika zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 pa mndandanda wa zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Ganizirani tiyi wa pa kantemba m'mamawa, womezedwa mothamanga cifukwa kondakitala akukuwa. Kumuleka azizire pang'ono sikufuna ngwee iliyonse.

Ciwindi ndico cimatsutsa bodza la tumapaketi kuposa ciwalo cina ciliconse. Palibe ciwalo codziwa kudzikonza ngati ico: dokotala angaduleko gawo lalikulu ndipo cimameranso m'masabata ocepa. Kukanakhala kuti kumera kwa maselo atsopano ndi citetezo, khansa ya ciwindi sikanakhalako. Koma ilipo, ndipo imabwera m'njira yodziwika. Kacilombo ka hepatitis B kapena mowa zimavulaza ciwindi, ico cimakonza, zimavulazanso, cimakonzanso, caka ndi caka, mpaka cadzaza zipsera. Kukopera kulikonse ndi mpata wina wolakwitsa. Pamenepo onjezanipo aflatoxin, poizoni wa cuku cimene cimamera pa cimanga ndi nshawa zosungidwa ponyowa. M'selo lililonse muli kapitawo, jini yochedwa TP53, amene nchito yake ndi kuimitsa selo lowonongeka kuti lisagawikane, ndipo zikavuta amalilamula kuti life. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti m'zotupa za ciwindi za kumwera kwa Africa ndi za ku China, cilembo cimodzi pa malo a nambala 249 mu jini imeneyi cinali cosinthika, ndipo cidindo cimeneci ndi ca aflatoxin. Kapitawo wamangidwa manja pamene omanga ali pakati pa nchito. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi cakudya ca cimanga cokhala ndi aflatoxin, ndipo poizoniyo anapezekanso mu unga wa makampani ena. Tinakamba sabata ziwiri, tinapanga nthabwala za agalu pa Facebook, tinaiwala. Galu amafa msanga cifukwa wadya wambiri nthawi imodzi. Munthu wogula pamela tsiku lililonse amadya pang'onopang'ono, ndipo ciwindi cake cimasunga kaundula.

Tsopano khansa imene ikutenga amayi athu, azakhali ndi alongo athu. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo yofala kuposa ina iliyonse m'Zambia. Mwa ziwerengero za IARC, azimayi opitirira 3,000 amapezeka nayo caka ciliconse, ndipo pafupifupi 2,000 amafa. Palibe khansa ina imene asayansi aimvetsa bwino ngati iyi. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi gulu lake anapeza mitundu iwiri yoopsa ya kacilombo ka HPV, nambala 16 mu 1983 ndi nambala 18 mu 1984, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Kacilomboka kamafalikira pogonana, ndipo anthu ambiri ogonana amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, amuna ndi akazi omwe. Sikangalowe pa khungu losalala. Kamadikira tumabala tosaoneka ndi maso, kamatsikira pansi pamene pali maselo oberekana, ndipo kamalowa m'kati mwawo pamene iwo ali kugawikana kuti atseke balalo. Kakakhazikika kamapanga zida ziwiri. Cimodzi, E6, cimawononga kapitawo uja wa TP53. Cina, E7, cimadula mabuleki ena ochedwa Rb. Selo limatsala likuthamanga pa mtsetse popanda woliimitsa.

Mwa anthu ambiri asilikali a thupi amacotsa kacilomboko m'caka cimodzi kapena ziwiri. Mwa ena kamakhala, ndipo pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo osinthikawo asanduke khansa. Mwa mayi amene citetezo cake n'cofooka zingakhale zaka 5 mpaka 10. Mayi wokhala ndi HIV ali pa ngozi yoposa ya mnzake kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo ndi mpata umene tapatsidwa. Kuyambira 2006, pamene Prof Groesbeck Parham, Dr Mulindi Mwanahamuntu ndi anzawo anayambitsa pulogalamu yopima khansayi m'makiliniki a boma muno mu Lusaka, nesi amatha kupaka viniga pa khomo la ciberekero, n'kudikira pang'ono, ndipo malo a maselo osinthika amayera. Viniga, yemweyu wa pa chipisi. Akapeza malo otero akali aang'ono, amawaundanitsa ndi mpweya wozizira kapena kuwawocha ndi kacipangizo kotentha kwa kanthawi kocepa. Taonani nzeru yake: amapha maselo olakwika, amasiya kacilonda koyera, ndipo thupi limakapoletsa m'masabata ocepa ndi maselo amene akumvabe mawu akuti "basi". M'makiliniki a boma kupima kumeneku n'kwaulere.

Katemera wa HPV nayenso ndi waulere. Anayesedwa m'cigawo ca Lusaka kuyambira 2013, anafalikira dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo mu 2023 anatsegulidwa kwa a zaka 9 mpaka 14. Ku Kenya, kafukufuku wochedwa KEN SHE anaonetsa kuti jekiseni imodzi yokha imateteza 97 mwa 100 ku matenda okhalitsa a HPV 16 ndi 18. Ku England, mu 2021, anapeza kuti khansayi inacepa ndi 87 peresenti mwa amene anabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13. Ku Scotland, mu 2024, sanapeze ngakhale mmodzi wodwala khansayi mwa amene anabayidwa pa msinkhu umenewo. Koma tsiku la katemera likafika pa sukulu imene ndimaphunzitsa, madesiki ena a atsikana amakhala opanda anthu. Mukafunsa mawa lake, mwana amayang'ana pansi n'kunena kuti amake anamva kuti jekiseniyo imatseka cibaliro. Makolo ena omwewo ndimawaona pa gulu la WhatsApp la makolo akufunsa mtengo wa "stem cell". Cinthu cimene cayesedwa pa atsikana mamiliyoni timaciopa, ufa umene sitidziwa kumene unapakiridwa timauthira pansi pa lilime.

Palinso nkhani ya zipsera, imene ndi yathu kwambiri cifukwa ana ambiri mu komboni anagwerapo pa mbaula kapena kutayikiridwa phala. Cipsera ca moto cimene cimang'ambika, kupola, kung'ambikanso, cingasanduke khansa ya khungu patapita zaka makumi awiri kapena atatu. Madokotala amaicha cilonda ca Marjolin, dzina la dokotala wa ku France amene anafotokoza zilonda zotere mu 1828. Ngati agogo anu ali ndi cilonda pa cipsera cakale cimene catha miyezi osapola, m'mphepete mwake mwatukuka, cikununkha kapena kukha magazi, cifunika dokotala aduleko kacidutswa akapime. Kucipaka ufa wa m'kapaketi n'kutaya miyezi imene mwendo ukanapulumuka.

Wina anena kuti, "Koma aticha, ma stem cell alipo zoona, tinaona pa TV." Inde alipo, ndipo ndi nkhani yokoma. Ndi maselo amene sanasankhe nchito, otha kubereka maselo a mitundu ina. Muli nawo m'mafupa, m'matumbo, pansi pa khungu. Madokotala amaika a m'mafupa mwa odwala khansa ya m'magazi, ndipo E. Donnall Thomas analandira Nobel mu 1990 cifukwa ca njira imeneyi. Koma taonani mmene zimacitikira: amayamba apha maselo a m'mafupa a wodwalayo ndi mankhwala amphamvu, amafunafuna wopereka wogwirizana naye, amalowetsa maselo amoyo mumtsempha, ndipo wodwala amakhala masabata m'cipinda cotetezedwa cifukwa cimfine wamba cingamuphe. Mu 2015 ku Bochum, ku Germany, mnyamata wa zaka 7 wa ku Syria amene khungu lake linali kusupuka cifukwa ca matenda obadwa nawo anapulumutsidwa ndi gulu la Michele De Luca. Anatenga kacidutswa ka khungu lake, anakonza jini yolakwika, anameretsa khungu m'labu, n'kumuvala pa 80 peresenti ya thupi. Ndipo cimene madokotala anapitiriza kuyang'anira zaka zotsatira n'cakuti khungulo lisamere khansa.

Mantha amenewo ali ndi cifukwa. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti majini anayi okha angabweze selo lokhwima kukhala ngati la mwana wosabadwa, ndipo analandira Nobel mu 2012. Imodzi mwa majini anayiwo, c-Myc, ndi jini yodziwika ya khansa, ndipo mwa mbewa zoyamba zocokera ku maselo amenewo, pafupifupi imodzi mwa zisanu inamera zotupa. Mu 2009 madokotala a ku Israel analemba za mnyamata amene anabayidwa ma stem cell ku Moscow, ndipo patapita zaka anamera zotupa mu ubongo ndi mumsana. Atapima anapeza kuti zotupazo zinacokera ku maselo obayidwawo. Ma stem cell enieni ndi moto. Amene amawadziwa amawagwira ndi mantha.

Nanga m'kapaketi muli ciyani? Werengani kumbuyo kwa bokosi, tumalemba tuja tung'onotung'ono. Kawirikawiri mudzapeza ufa wa maapozi, wa mphesa, zotsekemeretsa, mwina ndi vitamini. "Stem cell" imene akunena ndi ya comera, ndipo nkhani ya maapozi a ku Switzerland inayambira ku mafuta odzola kumaso. Selo la apozi silingasanduke selo la munthu, monga mbewu ya dzungu singabale mbuzi. Komanso laumitsidwa, lagayidwa, lafa kalekale, ndipo likafika m'mimba limagayidwa monga cipatso cina ciliconse. Mwayi wa ogula ndi umenewo, kuti ufawo sucita zimene akunena. Apozi la pa msika wa Soweto limacita zomwezo pa mtengo wocepa, ndipo limakhutitsa.

Ndiye ngati ndi apozi cabe, likupha bwanji? Likupha ndi nthawi. Mayi wayamba kutaya magazi pambuyo pogona ndi amuna ake, kapena wapeza kabulu m'bere. Panthawi imeneyo opaleshoni ingacotse zonse. Mnzake wa mu cilimba amuuza kuti, "Osayenda ku cipatala, bazakuculani cabe, imwani iyi miyezi itatu." Amwa. Ndalama za cilimba zatha, alowa kaloba, agulitsa firiji. Ufa uli ndi shuga, ndipo munthu amene walipira ndalama zambiri amafuna kumva bwino, conco sabata yoyamba amanena kuti akumva mphamvu, ndipo amamujambula vidiyo ya umboni. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha amafika ku Cancer Diseases Hospital atanyamulidwa, cotupa citafika ku cikhodzodzo. Akamwalira, anthu amati, "Mwaona, ku cipatala kuja anthu sabwerako." Vidiyo ija imapitiriza kuyenda pa mafoni, mwini wake ali ku Chingwere.

Ndikudziwa cifukwa cake anthu amakhulupirira wogulitsa, ndipo si ucitsiru. Wogulitsa amabwera kunyumba, amakhala pa mpando, amakuchulani dzina, amamvetsera ola lathunthu, amaimba foni mawa kufunsa mmene mwagonera. Ku cipatala muli mzere kuyambira m'bandakuca, mumapatsidwa tsiku la mwezi wamawa, ndipo wina amakuuzani mawu a Cizungu atatu osakuyang'anani kumaso. Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri inali yokha m'dziko lonse yokhala ndi makina a radiotherapy, kutumikira munthu wa ku Marapodi pamodzi ndi wa ku Chama ndi wa ku Mwinilunga. Boma liyenera kuyankha pa zimenezi, ndipo tisaleke kulifunsa. Koma kutalika kwa mzere sikusandutsa apozi kukhala mankhwala, ndipo munthu amene waona mzerewo n'kuganiza kuti apa pali msika, ine sindimucha wothandiza.

Amene ndakwiya nawo kwambiri ndi ife ophunzira. Wogulitsa tomato amene walowa m'malondawa mwina sadziwa kanthu za maselo, naye wanamizidwa ndi amene ali pamwamba pake, ndipo adzatsala ndi mabokosi pansi pa bedi. Koma tica amene m'mawa wajambula pa bolodi mmene selo limagawikirana, walembetsa ana kuti kugawikana kosalamulirika ndiko khansa, ndiye masana akutulutsa tumapaketi m'cipinda ca aphunzitsi, ameneyo akudziwa. Nesi amene amagulitsa atavala yunifomu akudziwa. Akugulitsa ulemu umene anthu a mu komboni amapereka kwa munthu wa satifiketi, ulemu umene makolo athu anaulipira ndi kuphwanya miyala ndi kugulitsa malasha. Malipiro athu ndi ocepa, ndikuvomereza, inenso pa 20 ndimakhala nditayamba kuwerenga masiku. Gulitsani mazira, phunzitsani ana a eni madzulo.

A ZAMRA, amene lamulo linawapatsa nchito yoyang'anira mankhwala m'dziko lino, akudziwa cinyengo cake. Pa bokosi pamalembedwa kuti ndi cakudya cowonjezera, sicicizira matenda alionse. Mawu akuti "cimacotsa khansa" amanenedwa pakamwa, m'holo, ndi pa voice note. Conco pepala ndi loyera, ndipo amene amanama ndi mayi wa pa Marapodi amene sadzafika ku khoti. Boma linakwanitsa kuletsa tujilijili mu 2012 litaona kuti tukuwononga acinyamata. Lingathenso kutumiza munthu mmodzi kukakhala kumbuyo kwa holo Loweruka ndi foni yojambula mawu.

Ofufuza athu a ku UTH ndi ku UNZA nawonso ndili nawo mawu. Nchito yanu ndi yabwino, koma ili m'Cizungu, m'magazini amene munthu wa ku Kanyama sadzawaona. Wogulitsa ufa anamasulira kale bodza lake m'Cinyanja ndi m'Cibemba, ali ndi zithunzi, ali ndi nyimbo. Inu munapeza kuti utsi wa pophika ukugwirizana ndi khansa ya m'mero mu 2015, ndipo mayi amene amayatsa mbaula ndi pulasitiki m'cipinda cotseka sanamvepo. Mphindi zisanu pa wailesi ya komboni, m'cilankhulo ca pa msika, zingafike kumene pepala lanu silinafike.

Ndipo inu abusa amene mumabwereketsa holo, mumalandira ya lendi, mwinanso mumatsegula msonkhano ndi pemphero: azimayi amene akhala pa mabenchi amenewo ndi a mumpingo mwanu, ambiri ali ndi zaka zopitirira 25, ndipo ambiri sanapimidwepo. Chipata Level One Hospital ili pafupi, Matero Level One ndi ulendo wa basi. Loweruka likubwerali, m'malo mwa munthu wa suti ndi pulojekita, itanani nesi wa ku kiliniki adzafotokoze za viniga, ndipo mulengeze pa guwa kuti atsikana a zaka 9 mpaka 14 asajombe tsiku la katemera.